Amayi Anabwerera ku South Bend Kukatsanzika

Kwathu munthu sachoka pakhomo pa mnzake osatsanzika. Amayi anandiphunzitsa zimenezi ndili wamng'ono ku Ntcheu. Ankati wochoka mwakachetechete ndi wakuba basi. Ine ndinkaziona ngati zonena za akuluakulu, zofanana ndi zakuti usaloze manda ndi chala. Ndinadzamvetsa kulemera kwake ndili kale ku Amereka, chaka chimene kampani imene amayi ankagwirako ntchito inagulitsidwa.

Ndinafika ku South Bend nditangomaliza Fomu 1. Amayi anali atakhalako kale zaka zingapo, akugwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala m'nyumba zawo: kuwasambitsa, kuwaveka, kuwaphikira, kuwakumbutsa mankhwala. Kampani yake inali yaing'ono, zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ina m'tawuni, kufupi ndi chipatala. Mwini wake anali mayi wina amene kale anali nesi. Ankalemba mashifiti ndi pensulo, ndipo wantchito akamuimbira kuti mwana wadwala, ankangofufuta n'kulemba wina. Ine ankandidziwa ndisanabwere n'komwe, chifukwa chithunzi changa cha yunifomu ya kusukulu chinali pakhoma la ofesi yake pamodzi ndi za ana a antchito ena.

Mwa onse amene amayi ankawasamalira panali mmodzi amene kunyumba tinkangowatchula kuti agogo. Anali azungu, amasiye, ndipo ankakhala okha m'kanyumba ka matabwa kumadzulo kwa mzinda. Makolo awo anachokera ku Poland. Amuna awo anagwirapo ntchito pa fakitale ya magalimoto imene inatsekedwa amayi asanabadwe. Mwana wawo mmodzi yekhayo ankakhala kutali, kudera lotentha, ndipo ankaimba foni Lamulungu.

Amayi anali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito. Akalowa m'nyumba ya agogo ankavula jekete, n'kukoka kampando kakafupi kamene agogo ankaikapo mapazi, n'kukhala pansi. Kenako ankapereka dzanja lamanja, lamanzere litagwirizira pachigongono, n'kufunsa mmene agogo agonera, mmene bondo ladzukira, ndiponso ngati mwana wawo anaimba. Akamaliza zonsezi m'pamene ankatsegula madzi osamba. Ankati munthu sumuvula malaya usanamulonjere.

Masiku oyamba agogo ankakwiya nazo. Amayi amasimba kuti agogo anawafunsa m'Chingerezi kuti, "Kodi ndimakulipira kuti uzikhala pansi?" Koma pofika nthawi imene ine ndinabwera, agogo anali atazolowera moti amayi akaiwala kufunsa za bondo, iwo ankawakumbutsa. Pochoka amayi ankakhalanso pakampando kaja n'kunena kuti, "Ndikupita tsopano." Anawauzanso kuti kwathu mlendo amaperekezedwa. Agogo, amene ankakana kuyendayenda m'nyumba ngakhale adokotala atawakakamiza, ankagwira chitsulo chawo choyendera n'kuwaperekeza amayi mpaka pachitseko, pang'onopang'ono, akung'ung'udza njira yonse.

Tsiku loyamba limene ndinapita nawo, mwini kampani atalola, agogo ananditambasulira dzanja lamanja, lamanzere lili pachigongono. Ndinaseka mpaka amayi ananditsina. Mzungu wa tsitsi loyera kupereka moni ngati mayi wa ku Mvano! Anandipatsa mandasi awo a kwawo, okhala ndi jamu mkati, n'kundifunsa ngati ndimakonda masamu. Nditati ayi, anati nawonso ayi, ndipo tinagwirizana pamenepo.

Pali chinthu china chimene chinawamanga pamodzi awiriwa. Agogo anga enieni, amene anandilera ku Ntcheu, anamwalira amayi ali kuno, mapepala awo asanalongosoke, ndipo sanathe kupita kumaliro. Uthenga unawapeza m'mawa akupita kuntchito. Analowa m'nyumba ya agogo n'kukhala pakampando monga mwa masiku onse, koma mawu a moni anakanika kutuluka. Agogo anawalozera mpando wa malemu amuna awo, umene munthu aliyense sankaloledwa kukhalapo, n'kunena kuti lero palibe kusamba. Amayi analirira mayi awo pampando umenewo. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuwatchula kuti kasitomala.

Nkhani ya kugulitsidwa kwa kampani inabwera ndi pitsa. Antchito onse anaitanidwa kuofesi Loweruka masana, ndipo ine ndinatsagana ndi amayi chifukwa tinali kuchokera kogula nsapato. Tinakhala pafupi ndi mnzawo wapamtima wa amayi, wochokera ku Zomba, amene ndimawaitana kuti azakhali ngakhale si pachibale. Ataona makatoni a pitsa pathebulo, azakhali anawanong'oneza amayi.

"Achemwali, mzungu akakugulira chakudya usanadandaule njala, konzekera maliro."

"Inu pakamwa panu," anatero amayi. "Idyani kaye."

Mwini kampani anaimirira n'kunena kuti wakalamba, mawondo ake atopa, ndipo malamulo a boma ndi a inshuwalansi achuluka moti kampani yaing'ono singathenso kupirira. Anati wagulitsa kwa kampani yaikulu imene ili ndi nthambi m'madera ambiri, ndipo eni ake ndi anthu a ndalama amene amagula makampani ngati amenewa. Pambali pake panaima amuna awiri a majekete abwino, akumwetulira. Mmodzi anati palibe chimene chisinthe. Mayi uja ankalira polankhula, ndipo ine ndinamukhulupirira mwamunayo. Usiku umenewo ndinalemba m'buku langa kuti kampani yaikulu ikhoza kukhala dalitso, mwina amayi adzakwezedwa pantchito. Ndikawerenga tsamba limenelo lero ndimadzimvera chisoni.

Choyamba kubwera chinali malaya atsopano a mtundu wa buluu. Chachiwiri chinali foni. Wantchito aliyense anayenera kuklokina, kudina pafoni kuti wayamba ntchito, akafika pakhomo la wodwala, ndipo foniyo inkadziwa pamene munthu waima. Mkati mwake munali mndandanda wa ntchito: kusamba, kuvala, chakudya, mankhwala. Ukamaliza chimodzi umadina. Nthawi ya nyumba iliyonse inafupikitsidwa, ndipo ikatha foni inkalira kuti uthamangire kwina.

"Nanga batani la moni lili pati?" anafunsa azakhali tsiku lina kunyumba kwathu, akuitembenuza foniyo. "Achemwali, tandithandizani kufuna, maso angawa atha. Kapena moni amachita kudawuniloda padera?"

Amayi anaseka, koma kuseka kwake kunali kwapakhosi.

Posakhalitsa ofesi ya ku South Bend inatsekedwa. Zithunzi zathu zinabwezedwa mu envelopu. Ukaimba foni ankayankha munthu wa ku Indianapolis amene sankadziwa misewu yathu, ndipo ankatha kukupatsa nyumba ziwiri za mbali zosiyana za mtsinje ngati zili khomo ndi khomo. Mashifiti ankapangidwa ndi kompyuta. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, wina kochapa zovala kuchipatala, wina kukhitchini ya kuyunivesite. Ku tchalitchi, pambuyo pa mapemphero, amayi ndi anzawo a ntchito kale ankaima pakona kuseka nkhani za okalamba awo. Tsopano ankangofunsana kuti, "Akupatsani maawala angati sabata ino?" Azakhali nawo anachoka, anakalowa ntchito yolongedza katundu m'nyumba yaikulu yosungiramo zinthu.

"Makatoni sakufunsa kuti dzulo unali kuti," anatero. "Ndiponso samwalira. Tiyeni, achemwali, malo alipo."

"Nanga agogo ndiwasiyira yani?" anayankha amayi.

Amayi anapeza njira yawo. Ankagwira ntchito mothamanga monga foni inkafunira, n'kuklokauti nthawi ikakwana, kenako n'kukhala pakampando kaja ndi nthawi yawoyawo, yosalipidwa. Sanaganize kuti zimenezi zingakhale mlandu. Koma foni inkaonetsa kuti adakali m'nyumbamo. Anawaimbira kuchokera ku Indianapolis n'kuwauza kuti saloledwa kukhala m'nyumba ya kasitomala nthawi ya ntchito ikatha, chifukwa chinachake chikachitika inshuwalansi singavomere. Amayi anapepesa, n'kupitiriza. Anawaimbiranso.

Lachisanu lina anatsanzika agogo monga mwa nthawi zonse, agogo n'kuwaperekeza mpaka pachitseko. Amayi anati, "Tionana Lolemba." Lamulungu madzulo foni inabweretsa mashifiti a sabata yatsopano, ndipo dzina la agogo munalibe.

Ndinali pathebulo ndikulemba homuweki pamene ankaimba kuofesi m'mawa mwake. Anawauza kuti kompyuta yagawa makasitomala mwatsopano, ndipo nkhani za kasitomala amene salinso wawo sangakambirane nawo. Anawakumbutsanso pepala limene aliyense anasaina kampani itagulidwa: wantchito saloledwa kuimbira kapena kuyendera kasitomala amene wachotsedwako, ndipo wochita zimenezo akhoza kuchotsedwa ntchito. Amayi anati sakufuna kulanda kasitomala wa munthu, akungofuna kukawauza agogo kuti sabweranso. Mawu a pafoni anati pepani, lamulo ndi lamulo.

Amayi anaika foni pansi n'kundiyang'ana. Ndinadziwa chimene ankaona: mwana amene watsala pang'ono kumaliza sukulu, amene amalankhula za koleji tsiku lililonse. Sanapite.

Maawala awo ku South Bend anapitirira kuchepa. Kenako kampani inati ku Indianapolis kuli ntchito yodzaza sabata yonse. Tinasamuka chilimwe chitatha, n'kupeza kanyumba ka pamwamba kufupi ndi msewu wa Lafayette. Tsiku losamuka amayi anakhotetsa galimoto kulowa msewu wa agogo. Pakhomo panaima galimoto yachilendo, ndipo katani ya pawindo inali yotseka. Amayi anachepetsa liwiro, manja ali gwa pachiwongolero, kenako anapitirira.

Ine Indianapolis ndinaikonda msanga, ndipo ndinkachita manyazi ndi chimwemwe changa. Sukulu inali yaikulu, yokhala ndi laibulale yabwino. M'masitolo a mumsewu wathu munkapezeka ufa woyera, nsomba zouma ndi masamba a chinangwa. Koma amayi ankafota. Anasiya kuimba akamasita. Tsiku lililonse ankapatsidwa nyumba zatsopano ndi nkhope zatsopano. Madzulo ena anafika n'kukhala pampando osavula nsapato.

"Lero ndasambitsa munthu ndisanamufunse dzina," anatero. "Ndaliwerenga pafoni ndili kale pakhomo, ndikutuluka."

"Si vuto lanu, amayi."

"Nanga ndi manja a yani amene amugwira?"

Kenako anati, "Agogo aja ndinawauza kuti tionana Lolemba. Ndinachoka ngati wakuba."

Ine nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti chinthu chilichonse chimatheka ukachipempha mwaulemu kwa munthu woyenera. Ndinawanyengerera amayi kuti tipite kuofesi tikapemphe chilolezo pamaso. Tinakwera basi kupita m'tawuni tsiku limene sukulu inatsekera msanga. Bwana wawo anali mtsikana wamng'ono kuposa mmene mawu ake ankamvekera pafoni, wa maso otopa. Anatilandira bwino. Amayi anakhala kaye pansi, n'kumulonjera, n'kufunsa za kunyumba kwake, ndipo iye anaoneka wodabwa. Atamva pempho lathu anapukusa mutu. Anati akumvetsa, naye ali ndi agogo ake, koma alibe mphamvu yopereka chilolezo chotero. Amayi anafunsa kuti mphamvuyo ali nayo ndani. Mtsikanayo anaseka pang'ono n'kunena kuti sakudziwa, chifukwa kampani ikugulitsidwanso kwa anthu ena, ndipo iye mwini sakudziwa ngati mwezi wamawa adzakhala pampandopo.

M'basi pobwerera amayi anayang'ana kunja nthawi yaitali.

"Ndiye miyezi yonseyi ndakhala ndikuopa yani?" anafunsa. "Loweruka tikupita."

"Akakuchotsani ntchito?"

"Ukaphunzira ndi ndalama ya makatoni. Azakhali ako akufa?"

Tinanyamuka Loweruka m'mawa, chisanu chikutha. Minda ya chimanga inali yopanda kanthu mbali zonse za msewu. Amayi anakazinga mandasi n'kutenga mafuta odzola amene agogo ankawakonda. Ku South Bend tinayamba tawatenga azakhali, amene analowa m'galimoto akudandaula msana.

Pakhomo pa agogo tinapeza chikwangwani chakuti nyumba ikugulitsidwa. Bambo wa nyumba yoyandikana anali panja, ndipo amayi anawazindikira nthawi yomweyo. Anatiuza kuti amayi atasiya kubwera, tsiku lililonse kunkabwera munthu wina. Agogo anayamba kukana kutsegula chitseko. Masabata oyamba ankawaona m'mawa ataima pachitseko cha galasi ndi chitsulo chawo, akuyang'ana kumsewu. Kenako anagwa m'bafa akufuna kusamba okha. Atatuluka m'chipatala mutu wawo sunabwererenso bwino, ndipo mwana wawo anawaika kunyumba yosungirako okalamba, kuseri kwa chipatala. Amayi anamvetsera zonse atagwira mpanda.

Kunyumba ya okalambayo, mayi wa pakhomo anatifunsa ngati ndife achibale.

"Simukuona kufanana?" anatero azakhali m'Chingerezi. Mayiyo anaseka n'kutikankhira buku la alendo.

Ndili chiimire ndinaona mtsikana wa malaya a buluu akudutsa, ofanana ndendende ndi a amayi. Kampani yawo inkatumizanso antchito kumeneko. Ndinawakoka amayi chovala.

"Amayi, taonani. Musalembe dzina lonse."

"Ndabwera usiku ine?" anatero, n'kulemba dzina lawo lonse, mwa zilembo zazikulu.

Agogo tinawapeza pa njinga ya odwala, pafupi ndi windo. Anali atachepa, tsitsi atalidula lalifupi ngati la mwana. M'chipindamo munalibe kampando kakafupi. Amayi anavula jekete n'kukhala pansi penipeni, miyendo atatambasula ngati ali pamphasa. Agogo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiwe watsopano?" anafunsa.

"Ayi. Ndine wakale."

Agogo sanaonetse kuti amva. Amayi anapereka dzanja. Dzanja lamanja la agogo linakwera, ndipo lamanzere linatsatira pang'onopang'ono mpaka linakagwira pachigongono. Ndinamva azakhali akukoka mpweya kumbuyo kwanga.

Amayi anafunsa mmene agogo agonera. Anati sanagone, kuno anthu amayatsa magetsi usiku. Anafunsa za bondo. Anati likupweteka, ndipo palibe amene amafunsa. Anafunsa ngati mwana wawo anaimba. Agogo anati mwana wawo ali kusukulu, abwera masana. Amayi sanawatsutse. Anawavula masokosi n'kuwadzoza mapazi, chala chimodzichimodzi, osathamanga. Agogo anadya theka la ndasi n'kunena kuti mulibe jamu. Dzina la amayi sanalitchule. Ine anandiyang'ana ngati khoma.

Dzuwa litapendeka amayi anawaveka masokosi, n'kukhala bwino, n'kulankhula m'Chichewa choyamba, kenako m'Chingerezi.

"Ndinakuuzani kuti tionana Lolemba, ndipo sindinabwere. Ndinachoka osatsanzika. Ndabwera kudzapepesa. Ndikupita tsopano, ndipo ndimakhala kutali."

Agogo atamva mawu akuti ndikupita, anagwira m'mbali mwa njinga n'kuyamba kudzikoka kuti aimirire. Maso awo ankafunafuna chitsulo choyendera, chimene munalibe m'chipindamo. Amayi anadzuka msanga n'kuwakhazika.

"Akufuna kukuperekezani," anatero azakhali. "Chokani kumbuyoko, achemwali, mlendo sakankha njinga. Iwe mwana, gwira apa."

Ndinagwira zogwirira za njinga. Amayi anayenda kutsogolo, pambali pang'ono, ndipo ine ndinawakankha agogo m'khonde lonse, kudutsa zitseko zotsegula ndi mawayilesi akanema olankhula okha. Agogo ankang'ung'udza njira yonse kuti ndikuthamanga. Pachitseko cha galasi, pamene odwala saloledwa kupitirira, ndinaima.

"Lolemba usachedwe," anatero agogo.

Ndinaona pakamwa pa amayi pakutseguka, n'kutsekanso. Sanafune kulonjezanso. Anagwada, n'kugwira manja onse awiri a agogo.

"Tsalani bwino, amayi," anatero.

Mtsikana wa malaya a buluu uja anabwera kudzatenga njinga. Amayi anamuimitsa n'kumuuza kuti bondo lopweteka ndi lakumanzere, ndipo agogo amakonda kufunsidwa za ilo. Mtsikanayo anavomera ndi mutu, foni yake ikulira m'thumba.

Sabata yonse yotsatira tinadikira foni yochokera kuofesi. Amayi anali atawauza kale azakhali kuti awafunsire malo kuntchito ya makatoni. Ine ndinkadzidzimuka foni ikangolira. Koma palibe anaimba. Sabata inatha, mwezi unatha. Malaya a buluu anasinthidwa ndi obiriwira, pafoni panabwera dzina lina la kampani, ndipo bwana wamng'ono uja anachoka. Buku la alendo lija palibe analiwerenga.

Agogo anamwalira mitengo itayamba kuphuka. Azakhali ndiwo anamva kwa bambo woyandikana uja, maliro atachitika kale. Amayi analandira uthengawo ali kukhitchini. Anazimitsa moto, n'kukhala pansi, ine n'kukhala nawo.

"Munatsanzika, amayi," ndinatero. "Anakuperekezani."

"Anandiperekeza," anavomera. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Koma kuofesi palibe anafunsa, mwanawe. Palibe ngakhale mmodzi. Ndikanapita Lolemba lomwe lija, akudziwabe dzina langa."

Chaka chino ndikumaliza sukulu, ndipo ndapempha malo ophunzirira unesi. Amayi adakagwirabe ntchito yomweyo. Akuti masiku ano amakhala kaye pansi m'nyumba iliyonse, ngakhale foni ilire.